Mabowo Atatu Padenga la Aphunzitsi

Amalume anali ndi chitini chawo cha phula. Chinali chitini cha mafuta ophikira chodula pakamwa, chakuda bii kunja ndi m'kati, chogwirira chake cha waya. Akachitereka pamoto, phulalo linkawira pang'onopang'ono, fungo lake n'kumakanda kukhosi. Mpaka lero ndikadutsa pamene akukonza msewu ku Migowi, fungo limenelo limandibwezera ku dzinja lomwe ndinali mu Sitandade 4, ndipo sindikondwera nalo dzinja limenelo.

Mudzi wathu wonse unali wofolera udzu. Nyumba ya malata inali imodzi yokha, ya aphunzitsi, kuseri kwa sukulu. Inamangidwa kalekale, amayi asanabadwe, ndipo denga lake linali lofiira psuu. Ine ndinkati ndi penti. Linali dzimbiri lokhalokha, koma ndani akanandiuza? Mvula ikamagwa tikuchokera kusukulu, ndinkaima dala pafupi kuti ndimve mmene ikulirira pamalatapo. Kwathu mvula inkagwa mwakachetechete ngati ikuchita manyazi ndi umphawi wathu.

Aphunzitsi anachokera ku Ntchisi. Anabwera awiriwiri ndi mwana wawo wamkazi, msinkhu wanga, kalasi imodzi. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Zimenezo ndinkazidziwa monga mmene ndinkadziwira kuti phiri la Michesi lili kumwera kwathu, kungodziwa basi. Chimene ndinkaona ine ndi nsapato zake, ndi Chichewa chake chosalala chopanda kayimbidwe kathu ka Chilomwe, ndi denga lija.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndili chete. Koma Loweruka lililonse mtsikanayu ankabwera kwathu, n'kukhala pakati pa miyendo ya amayi kuti amuluke tsitsi. Ine amayi ankangondimeta mpala, ati ndimasunga nsabwe. Ndikakwinya nkhope, amayi ankati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Mwambiwo ndi wabwino kwa woulankhula. Kwa mwana amene waima poteropo ndi mutu wake wonyezimira, kuonerera manja a mayi ake ali m'tsitsi la wina, ndi wowawa. Ndinene mosabisa, nsanje inkandidya. Anali ndi malata, anali ndi nsapato, ndiye afunenso amayi anga?

Mvula yoyamba itagwa, denga la aphunzitsi linadontha paliponse. Anaitana amalume, amene anaphunzira za madenga akugwira ntchito kuminda ya tiyi ku Mulanje. Amalume anakwera, akuponda mumzere wa misomali mokha, n'kutsika akupukusa mutu. Manja awo anali ofiira ngati agwira dothi la katondo.

"Malata awa anatha kale, aphunzitsi. Misomali yadyeka mitu. Tingomata kuti dzinja lidutse."

Kamatidwe kake kanali kotere. Ntchitoyo imagwiridwa dzuwa lili pamutu. Wina amalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mazenera kuti mude. Akayang'ana kumwamba, bowo lililonse limaoneka kadontho kowala. Ndiye amatenga bango lalitali lomangirira kaudzu kunsonga, n'kulowetsa kaudzuko pabowopo. Amene ali pamwamba akaona udzu watulukira, amapala dzimbiri ndi mwala, n'kumatapo kansanza konyika mu phula lotentha. Wa pamwamba saona kanthu payekha, chifukwa padzimbiri bowo silidziwika. Amadalira maso a wa m'kati. Amalume anasankha ine, ati maso a mwana ndi akuthwa.

Linali Loweruka. Mtsikana uja anali kwathu, mukudziwa kale pamene anakhala.

Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba imeneyo. Munkanunkha chinyezi ndi sopo. Pabalaza ndinapeza mabowo ambirimbiri, ndipo onse ndinawalowetsa udzu mokhulupirika. Kuchipinda kwa aphunzitsi chimodzimodzi. Kenako ndinakankha chitseko china. Bedi. Bedi lakelake, la matiresi, neti yoyera atayikulunga pamwamba, pilo wa nsalu ya maluwa. Ine ndinkagona pamphasa, bulangete limodzi kulimbirana ndi mng'ono wanga wokodza pogona. Ndinakhalapo pang'ono pabedipo, linandilandira bwinobwino, ndipo mtima unandiwawa koposa.

Nditakweza maso ndinaona timadontho titatu towala, pamwamba penipeni pa bedilo. Bango linali m'manja mwanga.

"Kumeneko kuli bwanji?" anafunsa amalume ali padenga.

"Kuno kulibe, amalume."

"Wayang'anitsitsa?"

"Eee."

Sindinganame kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkafuna anyowe. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha abwere kusukulu atafota, akununkha chinyezi ngati ife tonse.

Patangopita masiku ochepa kunabwera mvumbi. Unayamba masana tili m'kalasi, n'kukhala masiku anayi osaona dzuwa. Madambo a mpunga anadzaza, njira ya ku Chilwa inaduka. Matiresi aja anamwa madzi, ndipo panalibe poyanika. Aphunzitsi anakokera bedi pakona, n'kuyala zimene akanatha. Mtsikanayo anayamba kutsokomola. Sabata isanathe anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala, akupuma mobanika, ndipo kumeneko anati ndi chibayo.

Nditakula ndinafunsapo anamwino ngati kugona ponyowa kumayambitsadi chibayo. Ena amati ayi, ena amati kumathandizira. Ndimafunsabe, ngati kuti tsiku lina wina adzandimasula.

Anthu anayamba kunena kuti dzanja la amalume lakalamba, amata denga n'kusiya pogona mwana. Amalume sanadziteteze. Anangoti, "Udzu sunatuluke pamenepo," akuyang'ana kumbali, osati kwa ine. Bwenzi atandikwapula zikanandipepukira.

Mtsikana uja atatuluka m'chipatala, amayi anakana kuti abwerere m'nyumba yachinyeziyo. Anauza aphunzitsi kuti mwana wodwala amafuna munthu wamkazi, ndiponso nyumba ya udzu imafunda. Anamubereka kumsana, mtsikana wamkulu ngati ine, mpaka kwathu.

Apa ndiye ndinaona zakuda. Bulangete lathu linapita kwa iye, ife tinafunda chitenje. Dzira, limene kwathu linkadikira alendo, linkaphikidwa tsiku ndi tsiku, la iye yekha. Phala lake linali lothira nsinjiro. Amayi ankamusambitsa ndi madzi ofunda kuseri kwa nyumba, akumuyimbira nyimbo za Chilomwe zimene ine anasiya kundiyimbira kalekale, iye n'kumayesa kutsatira, onse awiri n'kumaseka. Ine ndinkatumidwa kumjigo. Ndinafuna kumunyowetsa kwawo, m'malo mwake ndinamubweretsa ndekha pamphasa yanga. Chisoni ndinalibe, musandiyese wabwino. Ndinkangowerenga masiku kuti achoka liti.

Ndine ndemwe ndinakakamiza amalume kuti tikamalize denga lija. Tsiku lina dzuwa litawala tinapita. Sindinatseke n'komwe mazenera. Ndinangolunjika kuchipinda chija, kamodzi, kawiri, katatu, udzu n'kutuluka. Kenako ndinamva mwala ukupala dzimbiri. Pobwerera amalume ananyamula okha chitini, ndipo sanandilankhule njira yonse.

Aphunzitsi anabwera kudzamutenga Lamulungu titaweruka kutchalitchi, chimanga chitayamba kumasula ngayaye. Anathokoza amayi mpaka mawu kuwathera. Anauza mwana wawo kuti denga lakonzedwa, matiresi auma, bedi likumudikira. Ine mumtima ndinkavina.

Mtsikanayo anagwira chitenje cha amayi ndi manja onse awiri. Sanalire mokuwa. Ankangoti azigona pansi, sadzadyanso dzira, azitunga madzi ndi iyeyo, bola atsale. Aphunzitsi anayang'ana pansi. Kenako mtsikanayo anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira.

"Tisinthane. Iwe ukagone pabedi langa, nsapato utengenso. Ine nditsale kuno."

Sindinaganize kawiri. Ine yemwe uja, amene ndinatha dzinja lonse ndikufera amayi anga, ndinalumpha.

"Eee, amayi, tisinthane."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anamasula zala za mtsikana uja chimodzichimodzi, n'kumupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kumuuza kuti Loweruka abwere adzamuluke monga mwa masiku onse. Aphunzitsi ndi mwana wawo atapita, amayi analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ine ndinakhala pakhonde nditatupa, kudandaula kuti amayi andimana mwayi. Ndinkati mtsikana uja ndi chitsiru, munthu wolirira mphasa ali ndi bedi. Ndinali ndi zaka khumi. Iye ankadziwa bwino lomwe chimene akupempha. Ine sindinkadziwa chimene ndavomera kupereka, amayi anga ali pomwepo akumva.