Zikhatho za Mmisiri ndi Phazi la a Kalaliki

Mmisiri uja anayamba kumanga nyumba za anthu ndevu zisanamere, ndipo simenti inamudya manja mpaka zikhatho zinang'ambika ngati dothi la m'chilimwe. Palibe anamuthokozapo. Anthu ndi otero, amayamikira mthunzi n'kuiwala amene anakweza khoma.

Atakalamba, ntchito zitayamba kumuthawa, mkazi wake analembedwa ntchito yosamalira a Kalaliki, mkulu wa mumsewu wawo womwewo amene anafa ziwalo. M'mawa uliwonse ankawasambitsa, kenako n'kuwadzoza mafuta oyera a m'kabotolo kumsana, m'zigongono ndi kuzidendene.

Tsiku lina Mmisiri anaitanidwa kukakonza masitepe a pakhonde la nyumbayo. Atadzutsa mutu anaona pawindo mkazi wake atanyamula phazi la bamboyo ngati dzira, akulisisita pang'onopang'ono. Phazi losalala, loti silinapondepo msomali. Masitepe aja anatuluka okhota, koyamba m'moyo wake.

"Mafuta anu aja ndi poizoni," anatero Mmisiri kwa mkazi wake atakhala pathebulo kunyumba. "Amatseka khungu, munthu n'kuwolera m'kati. Siyani ntchitoyo musanaphe munthu."

"Ha, bambo a ana, udokotala mwauyamba liti?" mkaziyo anaseka. "Amangoyala kachikuto kopyapyala pamwamba, kuti khungu lisaume, komanso thukuta ndi mkodzo zisalinyule. Salowa m'magazi. Anamwino amadzoza ngakhale makanda. Choletsedwa n'kupaka pabala kapena m'maso basi."

"Ndiye kuti ndi pulasitala."

"Eya, mwakhoza."

Mmisiri anagoneka manja ake pathebulo, zikhatho kumwamba.

"Nanga khoma ili? Uja moyo wake wonse cholemera chimene ananyamulapo ndi cholembera, lero ndiye wosisitidwa. Ine amene ndinakumangirani denga mukugonamoli, mwandigwirapo dzanja liti?"

Mkaziyo anayang'ana ming'alu ija osaphethira. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo kena, katsopano, n'kukaika pakati pa manja awiriwo.

"Musambe, mupukute bwinobwino, mudzole paliponse pamene sipakutuluka magazi."

"Ndidzole ndekha?"

"A Kalaliki ndimawadzoza chifukwa manja awo sagwira. Anu akugwira. Muzithokoza Mulungu."

Mmisiri sanathokoze. Kabotoloko sanakatsegule mpaka lero, ndipo zikhatho zikung'ambikabe. M'mawa mkazi wake akamatuluka, amamupeza atakhala pakhomo, manja atawayala pamawondo poti aonekere. Mayiyo amamupatsa moni mwaulemu, n'kumulambalala.