Ovolosi Yatsopano ya a Dikoni

Ntchito ya nazale ndimaidziwa, ndipo pamenepo sindidzichepetsa mwabodza. Ndinaiphunzira pa esiteti, kuyambira kuthira dothi m'machubu mpaka kufika pa ukapitawo. Nditachokako n'kutsegula nazale yangayanga kumtunda kwa Masambanjati, mbande zanga za tiyi zinkadzigulitsa zokha, moti alimi ankachokera ku Changata kudzazitenga pa njinga. Choncho esiteti ina itandiitana kuti anthu anga akapakize m'minda yake, ndiko kuti kubzala mbande paliponse pomwe mtengo wa tiyi unafa, sindinadabwe. Ndinangoona kuti achedwa kundiitana.

Manijala wa esitetiyo sanali munthu wochulutsa gaga m'diwa. Anatchula Lachiwiri loyambira ntchito, nati ndibwere ndi anthu khumi ndi awiri osaperewera. Aliyense akhale atavala yunifolomu yokhala ndi chizindikiro cha bizinesi yanga, kuti alonda azisiyanitsa aganyu ndi akuba nkhuni. Wopanda yunifolomu sadutsa pageti.

"Mukalephera tsiku loyambalo, mayi, musavutike kubweranso," anatero. "Ku Luchenza kuli wina akuidikira ntchito yomweyi."

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kusitolo ina komwe amapeta zizindikiro pa zovala ndi makina. Mayi wa pakauntala anandifunsa ngati ndikufuna kudinda ndi utoto kapena kupeta ndi ulusi. Ine malaya odinda ndimawadziwa. Ukawachapa katatu pamwala kumtsinje, zilembo zimayamba kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Ndinasankha ulusi. Chizindikiro ndinali nacho kale m'mutu: masamba awiri ndi kansonga, zomwe aliyense wotchola tiyi amatsina ndi zala tsiku lonse, ndipo pansi pake dzina la nazale. Mayiyo atajambula pa kompyuta, zinatuluka ngati masamba a mango. Ndinamuuza kuti kwathu andiseka mpaka chaka chamawa, ndipo m'mawa mwake ndinabweranso ndi nsonga yeniyeni ya tiyi nditaikulunga m'kansalu konyowa.

Pa masayizi ndiye panali nthabwala. Ine anthu anga sindiwadziwa ndi zilembo za pakolala. Ndinaima pawindo n'kumaloza odutsa mumsewu. Awiri ngati abambo awo a chikwama, atatu ngati mayi uyo wabereka mwana, mmodzi wamtali ngati wokankha wilibala uja. Mayi wa pakauntala ankaseka kwinaku akulemba, koma ndikunena pano palibe ovolosi ndi imodzi yomwe imene inathina munthu. Ndinaitanitsa maovolosi obiriwira khumi ndi atatu, yanga pomwepo, chizindikiro cha ulusi wachikasu chili pachifuwa.

Anandilonjeza Lachinayi. Lachinayi litafika anati ulusi wachikasu watha, akudikira wina. Katunduyo anafika Lolemba masana, kutatsala tsiku limodzi. Ndinakwiya pang'ono, koma ndinati bola wafika, osadziwa kuti masiku anayi ochedwawo ndi amene andipalire moto.

Ndinagawa madzulo omwewo pansi pa shedi ya nazale. Amayi analulutira, anyamata n'kumadziyezera pachifuwa. Womaliza kulandira anali bambo wamkulu kuposa tonse, amene tinkangowatchula kuti a dikoni chifukwa ndiwo udindo wawo ku mpingo wa Sabata. Anatchola tiyi pa esiteti mpaka imvi, ndipo atapuma anabwera kwa ine. Mzere womwe iwo abzala sufuna chingwe. Asanalandire ovolosi yawo anayamba apukuta manja pa buluku, kenaka anayendetsa chala chachikulu pa masamba opetedwa aja.

"Mawa 6 koloko pageti," ndinawauza onse. "Musaiwale yunifolomu!"

Sanaiwaledi. Nditafika pageti Lachiwiri m'mawa, ndili pa lole yodzaza mbande, ovolosi yanga nditavala, ndinawapeza onse khumi ndi awiri atandanda m'mbali mwa msewu. Aliyense anali m'sanza zake za masiku onse, ndipo aliyense ananyamula jumbo. M'majumbomo munali maovolosi, opindidwa bwino, ena ositidwa kumene. Anali atamuonetsa kale mlonda mmodzimmodzi, monga munthu amaonetsera chiphaso.

"Amayi, ine andiuza ovala," anatero mlondayo, dzanja lili pa loko. "Onyamula sanandiuze."

Mtima unandipsa. Ndinatsika pa lole ndisanaganize n'komwe, ndipo ndinalankhula zambiri zomwe sindingazibwereze. Ndinawafunsa ngati ndinapita ku Limbe kawiri konse kukagula zokongoletsa jumbo. Ndinawakumbutsa kuti manijala afika 7 koloko, kuti mbande zikakhala pa lole dzuwa likakwera zifota, kuti wa ku Luchenza uja akungodikira foni.

Mayi wina, amene amathirira mbande ku nazale, ndiye analimba mtima.

"Abwana, musatikalipire. Izitu n'zatsopano. Sizinalowe m'tchalitchi."

Anzake anavomereza ndi mitu, a Sabata ndi a Lamulungu omwe, anthu amene pa china chilichonse cha chipembedzo sagwirizana. Mwambowotu ndi wanganso. Kwathu chovala chatsopano sichiyambira kumunda kapena kumsika, chimayamba chapita kukapemphera. Ndili mwana, mayi anga ankatsekera diresi yatsopano mu sutikesi mpaka Lamulungu, ngakhale ndilire bwanji. Katunduyo akanafika Lachinayi monga analonjezera, akanadutsa Sabata ndi Lamulungu, ndipo ine sindikanadziwa n'komwe kuti panali nkhani. Cholakwa changa chinali chakuti ovolosi ndinkaiona ngati khasu, chida chogwirira ntchito. Anthu anga ankaona chovala, chokongolanso kuposa zomwe ambiri anali nazo kunyumba.

Koma ukapitawo unandiphunzitsa kuti manyazi umawamva kwinaku ukuganiza. Ndinatembenukira kwa a dikoni.

"Bambo, kodi Mulungu amangokhala m'kachisi mokha? Pageti pano samva?"

"Amamva, mayi."

"Ndiye tipempherereni zovalazi pompano."

Anavula chipewa. Tinazungulira pansi pa mtengo wa bulugamu, aliyense atakweza jumbo yake, ndipo mlonda uja nayenso anavula kapusi. A dikoni anayamba m'Chichewa n'kukathera m'Chilomwe, monga amachitira pemphero likawagwira. Atati ameni, amuna anathamangira kuseri kwa lole, amayi kuseri kwa kanyumba ka mlonda, ndipo posakhalitsa anatuluka ali obiriwira, amayi atamanga zitenje pamwamba. Ankaoneka bwino zedi, ndipo ndinanyada. Koma nditawerenga ndinapeza khumi ndi mmodzi. A dikoni anali chiimire pomwe anapempherera paja, jumbo ili m'khwapa.

"Bambo, nthawi yatha. Valani."

"Mayi, mundikhululukire. Pemphero lija n'lokwanira, anzangawa asade nkhawa. Koma ine ayi."

"Mwapemphera ndinu, ndiye mukukana ndinunso?"

Anayandikira kuti ena asamve.

"Ine chibadwire sindinavalepo chovala choti wina sanachivale. Ndili mwana ndinkalandira za achimwene. Nditakula, kaunjika. Suti ya ukwati ndinabwereka kwa alamu. Ichi n'choyamba, mayi. Dzulo nditafika nacho kunyumba ndinalonjeza kuti Sabata ndikaima nacho pakhomo la kachisi polandira anthu, chisanaone dothi. Ndalonjeza kale."

Kumunsi kwa msewu kunamveka galimoto ya manijala. Ndinene zoona, maganizo oipa anandifikira. Pageti la esiteti sipasowa anthu ofuna ganyu, ndipo m'mawa umenewo analipo asanu atakhala pa kalavati. Ndikanatha kulanda jumbo ija, kuveka mmodzi mwa iwo, nambala n'kukwana. Ovolosiyo inali ya bizinesi, inali ndi dzina la nazale yanga, ndipo palibe akanandiimba mlandu. Ndinayang'ana mmene bamboyo anaipanira m'khwapa ndipo ndinadziwa kuti ndikatero sindidzathanso kuwayang'ana kumaso.

"Pitani kunyumba, bambo. Tionana Lolemba. Khasu lanu ndisiyireni."

Manijala atatsika anawerenga mitu ndi chala, n'kufika pa ine ndili kumapeto kwa mzere, khasu lili paphewa.

"Khumi ndi awiri. Koma mayi, inunso mukubzala?"

"Mukuganiza kuti anawaphunzitsa awawa ndani?"

Anaseka, nauza mlonda kuti atsegule. Ndinabzala Lachiwiri mpaka Lachisanu, pamtsetse, mvula ikutipeza masana aliwonse. Ndinali nditatha zaka ndikungoloza ndi chala, ndipo msana unandikumbutsa zimenezo tsiku loyamba lomwelo. Anyamata ankandinena kuti mizere ya abwana ikukhota ngati msewu wa ku Thyolo, ine n'kumawayankha kuti adikire ndizolowere. Pofika Lachinayi ndinkawasiya m'mbuyo. Mbande zonse za pa lole ija zinalowa m'nthaka zisanafote, ndipo wa ku Luchenza uja foni sanailandire.

Ine ndimapemphera Lamulungu, ndipo m'kachisi wa a Sabata ndinali ndisanalowemo kupatula pa maliro. Loweruka limenelo ndinasamba, ndinamanga chitenje chabwino, ndipo ndinakwera kabaza chifukwa miyendo inali itakana. A dikoni ndinawaonera patali. Anaima pakhomo atavala ovolosi yobiriwira ija, m'kati muli malaya oyera ndi tayi, nsapato zitapolishidwa, akupereka moni wa dzanja kwa aliyense wolowa. Abambo a masuti ankaima kuti aone masamba a pachifuwa aja, iwo n'kumawafotokozera. Atandiona sanadabwe ayi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunditsogolera okha mpaka pa benchi yakutsogolo. Ndinakhala pamenepo misozi ikulengeza, ine munthu woti sindilira wamba.

Lolemba ndinafika pageti 6 koloko isanakwane ndipo ndinawapeza ali kale pomwepo, atavala. Ndinawabwezera khasu lawo. Pofika 9 koloko mawondo onse awiri a ovolosiyo anali psuu ndi dothi la katondo, ndipo iwo sanaweramepo n'kamodzi komwe kuti asase.