Mapaketi Asanu Ofiira

Na. 1: Za nyengo yozizira imene ndinakhala ku Zandspruit
Wolemba: Lameck Tiyanjane Chidzalo

Mu faelo imene ndimasungamo mapepala anga ofunika, kuseri kwa chiphaso cha ntchito, muli pepala lofiira la pulasitiki lopindidwa kanayi. Ndi paketi yopanda kanthu ya manudozi a ku Korea. Zilembo zake zinayamba kufufutika m'mapindo, koma ndikaliyandikiza kumphuno ndimamvabe tsabola, ngakhale mkazi wanga amati limangonunkha faelo. Ndaona kuti n'koyenera kulongosola m'mene pepalali linapezekera m'manja mwanga. Owerenga andikhululukire kalembedwe. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kulemba ndinakuphunzira pokopera makalata a m'maofesi.

Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali atanditenga kwathu ku Ntcheu n'kubwera nane ku Joni, bambo atatisiya. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, pa banja lina lochokera ku Korea, ndipo ankagona komweko m'kachipinda ka kuseri kumene mwana sankaloledwa. Ine ndinkakhala ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi, mu mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, ku Zandspruit. Amayi ankabwera Loweruka masana n'kubwerera Lamlungu. Amalume ankachoka m'mamawa kukasakaniza simenti kumene ankamanga nyumba za anthu olemera. Kusukulu sindinkapita chifukwa mapepala ndinalibe. Malamulo anali awiri: osapitirira pampopi, ndiponso osayankhula ndi anthu, pakuti lilime langa likanandiulula kuti ndine wakunja.

Mwezi wa Juni ku Joni si wa masewera. M'mawa malata ankazizira mpaka kuluma chala, ndipo dzuwa likatuluka denga linkayamba kudontha ngati likulira thukuta. Ndinkamva ana akudutsa kupita kusukulu, nsapato zili gogogo, kenako zii. Padenga panali bowo la msomali limene linkalowetsa kakuwala kofanana ndi batani la malaya. Kakuwalako kankayamba pakhoma, n'kutsikira pa bulangeti, n'kukafika pa katoni ya zovala. Kakafika pa katoni ndinkadziwa kuti amalume ali pafupi. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga ya tsiku lonse, pamodzi ndi kudya buledi ndi tiyi wa mu fulasiki amene ankandisiyira.

Lamlungu lina anandituma kukatunga madzi. Pobwera ndinamva dzina langa, ndipo ndinaima kuseri kwa lata, chigubu chili m'manja. Malata sasunga chinsinsi.

"Mwanayu abwerere kumudzi, achemwali," amalume ankatero. "Akalowe sukulu. Kuno akungofota ngati mbatata ya m'thumba."

Amayi anayankha motsitsa mawu: "Achimwene, mwanayu sangathe ngakhale kudziphikira."

Sindinamve zina, chifukwa tekisi inadutsa ikuliza hutala. Koma zimene ndinamvazo zinandikwanira. Ndinamasulira motere: amalume akufuna ndichoke, ndipo amayi avomereza chifukwa ndine mtolo. Choncho ndikaphunzira kudziphikira, chifukwa chondichotsera chitha, ndipo ndidzapitiriza kuwaona amayi Loweruka lililonse. Lero ndikuona kuti mwana akamva theka la nkhani, theka linalo amalipeka yekha, ndipo amalipeka molimba kuposa choonadi.

Asananyamuke tsiku limenelo, amayi anatulutsa m'chikwama mapaketi asanu ofiira. Anati adona awo apereka, ana awo zawakola. Amayiwo ankawatcha zingwe za ku Korea. "Amalume ako azikuphikira," anatero. Amalume anatembenuza paketi imodzi uku ndi uku n'kunena kuti, "Eish, zolemba zake ngati papalasa nkhuku. Ine nyongolotsi sindidya." Anawaponya pamwamba pa katoni n'kuwaiwala. Ine sindinawaiwale. Masiku anali asanu, mapaketi asanu.

Lolemba ndinatsegula yoyamba. Munali chigulu cha zingwe zouma zopotanapotana ngati tsitsi lolukidwa, ndi timapaketi tiwiri. Kena kanali ndi timasamba touma, kena kanali ndi ufa wofiira. Pano ndiyenera kufotokoza kuti kwathu ufa wofiira wa m'kapaketi unkatanthauza chinthu chimodzi basi: chakumwa chotsekemera cha pa Khirisimasi. Ndinaganiza kuti anthu a ku Korea ndi aulemu kwambiri, amaika chakudya ndi chakumwa chake pamodzi. Ndinathira ufawo m'kapu ya madzi ozizira, ndinaonjezera shuga masupuni awiri, ndinatakasa, ndipo ndinamwa mwachangu monga mwana amamwera chinthu choba.

Poyamba ndinangomva mchere. Kenako moto unayaka kukhosi, n'kukwera m'mphuno, n'kutulukira m'makutu. Ndinaiwala malamulo onse awiri. Ndinathamangira kumpopi, kukamwa kuli yasa, ndikutsokomola ngati mbuzi yadya pulasitiki. Pampopi panali mayi wina wolankhula Chizulu, wa nyumba yoyandikana nafe, akuchapa. Anandiyang'ana, anaona kapaketi kofiira m'dzanja langa, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Hawu, mfana! Kuyababa?"

Mawu a Chizulu amene ndinkadziwa anali owerengeka, ndipo limodzi linali lakuti baba, kutanthauza bambo. Ndinaganiza kuti akufunsa kumene kuli bambo anga. Ndinayankha m'Chichewa, misozi ndi mamina zili chuchuchu: "Kulibe. Anatisiya."

Sanamve chimene ndinanena, koma anasiya kuseka. Analowa m'nyumba mwake n'kubwera ndi kapu ya chambiko, ndipo anaima pomwepo mpaka nditamaliza kumwa. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti ankangofunsa ngati zikuwawa. Pa miyezi yonse ija, ameneyo ndiye munthu yekhayo wa m'deralo amene ndinamuuza za kumtima kwanga, ndipo ndinamuuza molakwitsa. Zingwe za tsiku limenelo ndinazikukuta zouma.

Lachiwiri ndinaphwanya lamulo lina limene amalume sanaone kufunika kolitchula kawiri: ndinayatsa pulayimasi, mbaula yathu ya palafini. Ndikuvomereza kuti chinali chinthu choopsa, pakuti m'malo a mikhukhu moto wa nyumba imodzi ndi wa mzere wonse. Ndinaika zingwe m'madzi ozizira monga timachitira ndi nyemba, n'kuzisiya pamoto mpaka zinasanduka phala loterera. Ufa wofiira ndinauopa, sindinaukhudze. Ndinadya phalalo lopanda kukoma kulikonse, n'kutsuka poto ndi mchenga kuti amalume asadziwe. Lachitatu ndinathira ufa koma madzi ndinadzaza poto, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati madzi otsukira mbale.

Panatsala mapaketi awiri. Masana amenewo ndinakhala pansi pa kakuwala ka padenga n'kuyang'anitsitsa kuseri kwa paketi. Zilembo zinali ngati tinyumba tokhala ndi mazenera ndi timipira, ndipo palibe chimene chinandiyankhula. Koma pakati pake panali manambala a kwathu: 550 pafupi ndi chithunzi cha poto wa madzi owira, ndi 4 pafupi ndi chithunzi cha wotchi. Ndinakumbukira aphunzitsi anga a ku Ntcheu, amene ankakonda kunena akugogoda bolodi kuti, "Mawu amanama, nambala sinama." Ndinapeza botolo la chakumwa lolembedwa 500, ndinalidzaza, n'kuonjezera pang'ono. Wotchi tinalibe, choncho ndinawerenga mokweza kufika sikisite kanayi, ndikupinda chala chimodzi pa ulendo uliwonse. Mawu anga anandidabwitsa, chifukwa masana sindinkawamva.

Lachinayi zinatheka. Madzi anayamba awira, ufa ndi timasamba zinalowa, kenako zingwe. Msuzi unafiira ngati dothi la katondo, nthunzi inadzaza mkhukhu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumbamo munafunda. Zingwe zinali zofewa koma zosafa. Zinkawawa, inde, koma kuwawa koitana supuni ina. Ndinatuluka thukuta mu Juni. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimuuze, koma munali katoni ndi bulangeti basi. Paketi yotsiriza ndinaibisa pansi pa matiresi, ndipo Lachisanu ndinabwerera ku buledi.

Loweruka amayi anafika dzuwa lili pamutu, mapazi atatupa. Amalume anali atakhala pakhomo akusoka nsapato. Ndinawapempha onse awiri kuti akhale pabedi, ndipo ndinatulutsa pulayimasi.

"Iwe mphwanga, ukufuna kutiotchera nyumba?" anatero amalume. "Ndimadabwa palafini akutha ngati ali ndi miyendo, kani mbala ndimagona nayo!"

"Musiyeni, achimwene," anatero amayi.

Ndinayeza madzi ndi botolo. Ndinawerenga mokweza, zala zikupindika. Pa chala chachitatu ndinaswera dzira la amalume mu msuzi, monga chithunzi cha kutsogolo kwa paketi chinkaonetsera, ndipo iwo anangoti, "Mara dzira langa lalakwanji?" Ndinapakulira m'mbale yabwino imene tinali nayo imodzi yokha, n'kuipereka kwa amayi ndi manja awiri, nditagwada.

Pano ndiyenera kutchula mfundo imene ndinkaidziwa koma sindinaiganizire: amayi tsabola sankadya. Anali ndi zilonda za m'mimba, ndipo ngakhale kanyenya wowazidwa pang'ono ankamukankhira kumbali. Koma tsiku limenelo analandira mbale, anapemphera, n'kuyamba kudya pang'onopang'ono. Mphuno inafiira. Misozi inayamba kutsika mpaka kugwera mu msuzi, ndipo sanaipukute.

"Zikuwawa, amayi?" ndinafunsa monyadira.

"Zikuwawa, mwanangu," anatero. "Zikuwawa kwambiri."

Amalume analawa supuni imodzi, anatsokomola, n'kundimenya paphewa. "Mwaona, achemwali? Paja munkati sangathe. Uyu ndi mwamuna, amayeza ndi madzi omwe!"

Amayi anamwa msuzi wonse mpaka mbale inayera. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndaona, achimwene. Ndiye afika."

Ine ndinatuluka kukatsuka poto ndikudumphadumpha. Paketi yopanda kanthu ndinaipinda kanayi n'kuiika m'thumba ngati satifiketi.

Patapita masabata awiri ndinali m'basi ya ku Malawi, m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi amene anali pa ulendo wa ku Balaka. Amayi anaima kunja kwa zenera atavala juzi ya adona awo, akundiuza kuti ndisataye kapepala ka dzina la azakhali anga, amene ndinkapita kukakhala nawo ku Ntcheu. Ine ndinatembenukira kumbali. Ndinkakhulupirira kuti ndapambana mayeso koma andibera malikisi, ndipo mkwiyo umenewo ndinausunga zaka zisanu ndi chimodzi zimene sindinawaone. Makalata awo ndinkawayankha mwachidule.

Amayi anamwalira ine nditabwerera kale ku Joni ndili wamkulu, ndipo za tsiku lija sitinakambiranepo. Amene anandiuza ndi amalume, pano ku Cosmo City, atandipeza ndikuphikira mwana wanga manudozi omwewa, amene tsopano ndimagula m'sitolo ngati chinthu wamba. Anaseka kaye za dzira lawo. Kenako anati, "Mphwanga, mlongo wanga anakana miyezi itatu. Ine ndikati mwana apite, iye ankati kumudzi akamuphikira ndani, azakhali ake amakhala kumunda tsiku lonse. Ndodo yake yondimenyera inali imodzi yomweyo. Iwe unabwera n'kumulanda, utagwada."

Sindikuimba mlandu munthu aliyense. Amalume ankanena zoona, pakuti kumudzi ndinalowa sukulu, ndipo zochepa zimene ndikudziwa zinayambira kumeneko. Ndikungofuna kuti zilembedwe bwino, popeza mwini wake sindingathenso kumupepesa: mawu amene ndinawamva kuseri kwa lata sanali ondithamangitsa. Anali chitseko chimene amayi anachigwira ndi thupi lawo lonse, ndipo ine ndinatha sabata yathunthu ndikuphunzira kuchitsegula.

Mnyamata amene ndinali tsiku lija anaimirira pafupi ndi pulayimasi, supuni ili m'manja, akuyang'ana amayi ake akumaliza chakudya chimene m'mimba mwawo simunkalola. Anamva akuti zikuwawa, ndipo anasangalala, chifukwa kwa iye mawu amenewo ankanena za tsabola. Anamvanso akuti afika, ndipo sanafunse kuti afika kuti.

Ndine,

L. T. Chidzalo

Ndalemba ndi dzanja langa ku Cosmo City, pa tsiku la khumi ndi chinayi la mwezi wa Juni, chaka chino.