Phazi Lamanzere la a Verlin Kruse

"Ine ndimangokhala phee ngati bwana, magiya akudzisintha okha. Iwe mpaka lero ukupalasabe ndi mwendo ngati telala," anatero a Royce, mnzawo wa a Verlin, akupukutira mafuta a sangweji ya nkhumba pa ovolosi yawo.

A Verlin Kruse anawayankha mmene amawayankhira chaka ndi chaka: kuti otomatiki ndi yopitira kutchalitchi, imasintha giya pakati pa bwalo pamene chileyi chayamba kuluma, mphamvu n'kutayikira pomwepo. Onse amene anali pansi pa tenti anaseka. A Darlene, akazi awo, sanaseke. Maso awo anali pa phazi lamanzere la amuna awo.

Ife amene tinachoka kuno ku Indiana n'kukayenda maiko ena, pobwera timapeza zonse zili pomwe tinazisiya. Chimanga chikafika m'mapewa kumakhala chionetsero cha zaulimi, ndipo masana a Loweruka mapikiapu a dizilo amapikisana kukoka chileyi chachitsulo. Chileyicho chili ndi bokosi lolemera limene limasunthira kutsogolo pang'onopang'ono, n'kumachikanikizira m'dothi mpaka galimoto itaima. Wofika patali ndiye mwamuna. Dothi lomwelo, utsi womwewo, madala omwewo akukangana nkhani yomweyo. Chosintha n'chakuti madalawo akutha.

A Verlin ndi mlimi wa chimanga ndi soya, pamunda umene anasiya bambo awo. Akoka chileyi zaka makumi anayi, ndipo sanakhalepo ndi injini yoposa ya anzawo. Chuma chawo chinali phazi. Galimoto ya giya yapamanja umaiyambitsa injini ikulira mpaka kumapeto, kilachi utaiponda, kenako n'kumakweza phazi pang'ono pang'ono. Ukafulumira injini imazima. Ukachedwa zimbale za kilachi zimakhulana mpaka kufiira. A Verlin ankadzitama kuti malo pamene kilachi imagwirira amawamva m'nsapato ngati mmene namwino amamvera mtsempha pamkono.

Zimene zimachitika munthu akachedwa, banja la a Kruse limazidziwa. Mng'ono wa a Verlin, Lowell, anachedwa kamodzi kokha. Chimbale chinaphulika, zidutswa zinaboola pansi pa galimoto, mwendo unatsala mu pikiapu. Masiku ano lamulo limati kilachi izikutidwa ndi chishango chachitsulo, ndipo a Verlin ali nacho, chomwe anamanga kalekale Lowell ali m'chipatala. Lowellyo chaka chilichonse amakhala pa benchi yam'munsi, buluku lake lapindidwa ndi pini.

Chiyambire nthawi yozizira, phazi lamanzere la a Verlin linali litachita dzanzi. Adokotala anati ndi shuga, ndipo kuti silidzabwereranso. A Verlin sanauze munthu. Koma mkazi amene wachapa masokosi ako zaka makumi anayi sumunamiza. A Darlene anali atawaona akupunthwa pa sitepe imene anaikhoma okha, ndipo m'mawa wa tsikulo anangowauza kuti a Royce ali ndi bokosi lina la magiya a otomatiki m'shedi, lingokhala. A Verlin anayankha kuti nkhuku zikufuna madzi.

Nthawi yawo itakwana anabweza pikiapu chambuyo mpaka pa chileyi, anthu anakola tcheni, mbendera yobiriwira inakwera. Anaponda moto. Utsi wakuda unaima njo ngati mtengo. Anayamba kukweza phazi, n'kudikira kuti liwauze.

Silinawauze kanthu. Linali ngati la munthu wina, lobwereka. Anatchera khutu ku injini, anayang'ana bondo lawo kuti aone ngati likukwera. Pamene matayala anayamba kukumba, fungo linali litadzaza kale m'galimoto, fungo la chinthu chopserera, ndipo pansi pa mapazi panali kunjenjemera kumene anakumva ndi msana wokha. Pikiapu inathamanga, inabuula, inakaima pafupi ndi mzere wa mafiti mazana atatu. Anakhala achitatu. Anthu anaomba m'manja. Lowell sanaombe, anali atagwira benchi ndi manja onse awiri.

A Royce anawapeza kuseri kwa ngolo yonyamulira galimoto. Nthabwala zinali zitawathera.

"Fungo lija lafika mpaka ku tenti, mdala. Iwe sunachedwepo chonchi. Bwera Lolemba udzatenge bokosi lija, tikumangire sabata yomweyi."

"Dothi linali lonyowa," anatero a Verlin. "Loweruka likubwerali, ku chionetsero cha tauni ina, ndikusiya ndi mafiti makumi awiri, uone."

A Royce anagwedeza mutu, n'kumapita.

Atatsala okha anakhala pa tayala n'kuvula jombo, chifukwa ankaona ngati likuterera m'kati. Sokosi inali yofiira mpaka kuchidendene. Kamsomali ka denga kanali kataboola jombo n'kulowa m'nyama, ndipo kanali kopindika, kusonyeza kuti akhala akukapondera kuyambira m'mawa, mwina dzulo. Anakazula ndi pulayala. Anadikira ululu, monga anadikirira kilachi. Ululu sunabwere. Sokosiyo anaiponya mu mgolo wa zinyalala, pansi pa makapu a pepala.

Ali pomwepo anaganiza za bokosi la m'shedi ya a Royce. Munthu umangoponda buleki, kuponda moto, kusiya buleki, basi. Phazi lamanzere limangogona pambali ngati galu wokalamba. Akanatha kukoka nalo zaka zina khumi. Koma anadzionanso akulowa m'tenti, anthu akudziwa kuti Kruse wasiya kilachi, ndipo sanapeze chimene chikanatsala choti azidziwika nacho.

A Darlene anali atatsogola ndi mlamu wawo Lowell. Dzuwa likadalipo, a Verlin anaima pa sitolo ya m'mbali mwa msewu. Anadutsa shelefu ya mabandeji, anapita kumene kuli nsapato, n'kusankha zansalu, zopyapyala pansi ngati chikopa cha ng'oma. Vuto ndi jombo, anadziuza. Jombo ndi lokhuthala.

Anavala yamanzere, anawerama, n'kudina pansi pake ndi chala chachikulu. Chala chinamva phazi bwinobwino, fupa lililonse. Phazi silinamve chala.

Analipira. Pofika kunyumba anapeza a Darlene atakhala pakhonde, ndipo mayiwo anafunsa chimene chinali m'kajumboko.

"Ndi za kilachi," anatero a Verlin, akukwera sitepe mosamala, maso ali pansi kuti aone pamene phazi laponda.