Kalasi ya Kompyuta pa Mchenga

Ndili m'kalasi ya kompyuta imene ndimapita ndikaweruka kuntchito, koma lero tikuphunzirira pansi pa mtengo. Mphunzitsi ndi mwana wanga Chikondi, ndipo wavala jekete la abwana anga.

"Amayi, lembani pamchenga ndi chala, ngati ana a Sitandade Wani," akutero.

Ndikugwada n'kuyamba kulemba zonse zimene ndaphunzira chaka chino. Ndikangomaliza mzere, mayi wina akusesa kumbuyo kwanga. Ndikucheuka, ndipo wosesayo ndine ndemwe, imvi zili mbuu.

"Chonde, kuofesi akudikira setifiketi!" ndikudandaula.

"Zimenezo zasintha kale, Amayi. Yambiraninso," akutero Chikondi.

Ndikuyambiranso. Chala changa chikufupika ngati choko, mpaka chatha.

Ndadzuka kutulo, ndipo lero madzulo kuli kalasi.