Kuno Kulibe Bata

Ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Anthu akandifunsa chifukwa chimene sindinamalizire, ndimawauza kuti maphunziro anandikwanira msanga. Ena amaseka, ena amandimvera chisoni, koma onse amasiya kufunsa, ndipo n'chimene ndimafuna. Zoona zake n'zakuti ndinachotsedwa chifukwa cha kanema wa mphindi zitatu, mmene munali mitengo, mahamala, ndi mawu a munthu mmodzi amene ndinamuuza kuti sakujambulidwa.

Zinali zaka zija likulu la dziko litangosamukira ku Lilongwe, chipani chili chimodzi, khadi lake tikuyenda nalo m'thumba la malaya ngati mankhwala a mphumu. Koleji yathu inali ya uphunzitsi. Kunabwera aphunzitsi ena achizungu, aatali, ofiira khosi, amene ankakhulupirira kuti mwana amamva bwino ndi maso. Anabwera ndi kamera ya kanema yokwana m'dzanja limodzi, komanso wailesi ya kaseti yokhala ndi mayikolofoni ya chingwe. Kamerayo inali yogontha: inkatenga zithunzi zokha. Mawu unkawajambula padera pa tepi, ndipo tsiku loonetsa unkayatsa ziwirizo nthawi imodzi n'kupemphera kuti ziyendere limodzi.

Anatigawa awiriawiri. Ine ndinagwa ndi mnzanga wa chipinda chimodzi, mnyamata wofatsa wa cha ku Nkhoma, mwana wa mkulu wa mpingo, munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Iye anatenga zithunzi, ine mawu. Mutu wa kanemayo ndinasankha ndine, ndipo ndinausankha mosamala, monga munthu wodziwa dziko lake. Ena anasankha za fodya, ena za chipatala, ine n'kuwachenjeza kuti kumeneko kuli nduna. Wanga unali wakuti: phokoso la m'tauni ndi bata la kumitengo. Mtengo ulibe nduna. Hamala ilibe m'bale wake kundende. Ndinadziyamikira sabata yathunthu.

Chimene ndinaiwala, ine wochenjera uja, n'chakuti mawu oti bata anali ndi mwini wake. Wailesi inkawatchula m'mawa, masana ndi madzulo, kuti dziko lino lili pa bata ndi mtendere. Ana ankawaimba pa mzere kusukulu. Tinawamva mpaka tinasiya kuwamva, monga munthu wokhala pafupi ndi chigayo samvanso chigayo. Kwa ine tsiku limenelo, bata linali pamene khutu likupuma, basi.

Tinayamba ndi Old Town, Loweruka m'mawa, kalata ya chidindo cha koleji ili m'thumba. Pakhomo la msika achinyamata a chipani a malaya ofiira anatiimitsa, anaona makhadi, anaona kalata, anaitembenuza, anaonanso chidindo, n'kutilola. Phokoso silinavute kupeza, linkabwera lokha kudzalonjera. Mabasi akubangula pa depoti, a ngolo akukuwa kuti anthu apatuke, telala aliyense pakhonde la sitolo ali ndi makina ake ndi wailesi yake. Koma eni ake a phokoso anali amisiri okhoma zidebe, kuseri kwa msika, pansi pa chisakasa cha malata. Analipo asanu ndi mmodzi, aliyense ali pa kampando kake, chidutswa cha njanji pakati pa miyendo, akukhoma ndowa, mbaula ndi makheni othirira m'dimba.

Wamkulu pa onsewo anali bambo ena a ndevu zoyera, ovala kachipewa koyera ka kumzikiti, chala chimodzi chopindika. Kwawo kunali ku Mangochi, ndipo Chichewa chawo chinalibe z: pamene ife timati azungu, iwo ankati asungu. Ataona mayikolofoni anaimitsa hamala.

"Achimwene, mwabwera kutipima chifuwa?"

"Ayi bambo, ndi za sukulu. Tikujambula phokoso."

"Phokoso limajambulidwa? Ndiye tengani lambiri, tili nalo. Awa," analoza mnzawo wonenepa amene anakhala pambali pawo, "muwayandikire akamadya."

"Musawamvere madalawa," anatero wonenepa uja osadzutsa mutu. "Makutu anagontha kale. Amangomva mbale ikagunda."

Mnzanga ankazungulira ndi kamera, akutenga manja ndi nkhope. Ine ndinafunsa funso la ntchito yanga, lopanda chilichonse kumbuyo kwake.

"Nanga bata kuno limapezeka nthawi yanji?"

"Bata?" Bambo aja anaseka, hamala ili m'mwamba. "Kuno kulibe bata, mwanangu. Bata lili kwa asungu uko, kumipanda. Ife bata likabwera ndiye kuti ana agona ndi njala."

Onse anaseka. Kenako wonenepa uja anasiya kuseka, n'kuyang'ana wailesi imene inali pa phewa langa. Bambo aja anayang'ananso pomwepo.

"Chimenecho chikumva anthu?"

"Ayi bambo," ndinatero, nkhope ili ngati ya mbusa pa maliro. "Ichi anachipanga kuti chizimva mahamala okha."

Ndinanena ngati nthabwala. Sindikudziwa ngati iwo anazilandira ngati nthabwala. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku ndowa yawo.

Loweruka linalo tinapita kukafuna bata. Ku City Centre nyumba zazitali zatsopano zinaima patalipatali ngati mkamwini ndi apongozi ake, pakati pali kapinga ndi mitengo yobzala pa mzere. Kuchoka apo tinayenda pansi mpaka ku Area 10. Misewu yopanda munthu, mipanda, jakaranda akugwetsa maluwa pa phula, kachitsulo kozungulira kakuwaza madzi pa kapinga nthawi ya chilimwe, dziko lonse litauma. Ndinayatsa tepi n'kukweza mayikolofoni m'mwamba. Njiwa imodzi. Madzi. Galu kutali, amene ankauwa mwaulemu. Mlonda wa pa geti ina anabwera ndi chibonga chake.

"Mukutani pano?"

"Tikujambula, achimwene."

"Chiyani?"

"Palibe."

Anayang'ana kumene mayikolofoni inaloza, anayang'ana ine, anayang'ananso kumwamba.

"Ndiye mufulumire nacho. Abwana akupuma."

Ananena monong'ona. Ndinaona kuti kumeneko aliyense wakuda ankanong'ona: mlonda, bambo wodula maluwa, mayi wokankha mwana wachizungu pa kangolo. Bata la kumeneko linali ndi antchito ake, ndipo ankaligwirira ntchito mwakhama.

Filimu inatumizidwa kunja kukatsukidwa, ndipo inatenga masabata angapo. Pa nthawi imeneyo ine ndinkasanja mawu, kuchotsa pa tepi ina kuika pa inzake. Apa ndiye pali mlandu wanga weniweni. Mawu a bambo aja ndinawamva kambirimbiri. Batani limodzi likanawafufuta. Koma pa tepi yonseyo panalibe china chokoma ngati mawu amenewo, ndipo ndinkafuna kalasi iseke, iziti mnyamata uja ndi katswiri. Ndinawaika pakati penipeni, pamene mahamala akutha, mitengo ikuyamba.

"Iwe, awa achotse," anatero mnzanga nditamumvetsera.

"Amenewa ndiye mchere wake."

Anapitiriza kusita malaya.

Tinaonetsa Lachisanu masana, mabulangete ali pa mawindo, kalasi yonse ilipo ndi aphunzitsi angapo. Mahamala anagunda bwino kwambiri. Mawu a bambo aja anamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Kuseka kunayamba ndithu, koma kunaduka pakati, ngati munthu amene watsokomola m'tchalitchi n'kuzindikira kuti onse amuona. Kenako pakhoma panabwera mitengo, njiwa ikulira, madzi akuwaza, kwa mphindi yathunthu ndi theka, anthu makumi angapo osatembenuza khosi. Itatha, aphunzitsi achizungu aja, amene Chichewa chawo chinathera pa moni, anaomba m'manja okha.

Lolemba anatiitana ku ofesi ya akulu a koleji. Mnzanga analowa poyamba, ndipo anatuluka osandiyang'ana. Ndinamva pambuyo pake kuti anati iye anangogwira kamera, yomwe ndi yogontha. Sananame, ndipo sindinamusungire kukhosi. Nditalowa ndinapeza akuluwo atakhala pa mpando wa alendo, ndipo pa mpando wawo panali mlendo wa suti yotuwa, baji ili pachifuwa. Palibe anandiuza kuti ndi ndani. Tepi yanga ndi filimu zinali patebulo.

Mlendoyo ankayankhula mofatsa, ngati dokotala.

"Achimwene, inu tilibe nanu nkhani. Mwana wa sukulu amalakwitsa. Koma m'dziko muno muli munthu amene akuti kulibe bata. Tikufuna timudziwe. Mwina ali ndi vuto, timuthandize."

Ndinadziwa tanthauzo la kuthandiza. Chaka chapitacho anzathu awiri anathandizidwa, ndipo masutikesi awo anali adakali m'chipinda chosungira katundu.

"M'kanemamu muli nkhope zisanu ndi imodzi," anapitiriza, "koma milomo sikugwirizana ndi mawu. Galimoto ili panjapa. Tipite mukangotilozera ndi chala, inu mubwerere ku kalasi. Chakudya cha masana mudzadyera konkuno."

Sindinali munthu wolimba mtima, ndipo mpaka lero sindili. Ndikanakhala ndi nthawi yoganiza, mwina ndikanakwera galimotoyo n'kuloza. Koma pakamwa panga nthawi zonse pamayenda patsogolo pa mutu.

"Mawuwo ndi anga, bwana."

"Anu?"

"Ndimatsanzira anthu. Afunseni akuluwa."

Akulu a koleji anayang'ana pansi. "Amatsanzira," anatero. "Anatsanzirapo ine."

"Chabwino. Tayankhulani timve," anatero mlendo uja.

Ndinaimirira ngati woyambitsa nyimbo m'mapemphero. Ndinapinda msana, ndinakhwimitsa kukhosi, n'kunena zonse, kuyambira pa bata mpaka pa ana ogona ndi njala, osaiwala asungu. Mlendo uja anabweza tepi, anamvetsera, n'kuizimitsa.

"Bwerezani."

Ndinabwereza. Anabwezanso tepi. Ndinabwerezanso. Ulendo uliwonse ndinkanena ndi pakamwa panga, pamaso pa munthu wa baji, kuti kuno kulibe bata, iye akulemba m'kabuku.

"Nanga amene akusekawa?"

"Amaseka ine, bwana, mmene ndinapindira msana. Mawu sanawamve. Anthu aja makutu anagontha kale ndi mahamala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira.

"Muli ndi luso," anatero. Anatenga tepi n'kuika m'chikwama. Anatenganso filimu, ya nkhope zisanu ndi imodzi ija.

Galimoto sinabwerere yopanda munthu. Za masiku amene ndinakhala kumene ananditengerako sindilemba pano, chifukwa nthabwala zake sindinazipezebe. Malume anga, amene anali ndi kaudindo ka chipani kumudzi, anayenda maofesi atavala jekete yobwereka mpaka ananditulutsa, ndipo panjira yonse sanandiyankhule. Kalata ya koleji ndinaipeza itafika kale kwathu, ya mizere iwiri. Aphunzitsi achizungu aja anakwera ndege teremu isanathe. Mayi anga anangofunsa ngati ndinkadya.

Patapita mwezi ndinakwera basi kubwerera ku Old Town. Ndinkafuna ndingoona ndevu zoyera zija, ndidziwe kuti bodza langa linagwira ntchito. Mahamala ndinawamva ndili kutali, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Koma nditafika ndinawerenga anthu asanu. Pamalo pa bambo aja anali ataunjikapo zidutswa za malata. Wonenepa uja anandiona, osaleka kukhoma.

"Moni bambo. Madala aja ali kuti?"

"Ati?"

"A ndevu zoyera, a chala chopindika."

"Anapita kumudzi."

"Anapita okha?"

"Kumudzi munthu amapita bwanji?"

"Liti?"

Anaika hamala pansi. "Achimwene, mukufuna ndowa kapena mbaula?"

Ndinawerama pafupi naye. "Ndimafuna adziwe kuti mawu aja ndinati ndi anga. Sindinaloze munthu."

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kutola hamala yake.

"Mawu ati? Kuno sitiyankhula. Timakhoma."

Masiku amenewo ankati anapita kumudzi ponena za munthu amene wapita kukakolola, za munthu amene wamva kuti wa suti akumufunsa n'kulongedza msanga, komanso za munthu amene watengedwa. Mawu ake anali amodzimodzi, nkhope ya wonenayo inalinso imodzimodzi. Mwina bambo aja anakalamba bwinobwino kwawo, akuseka za mwana wa sukulu wa makina ongomva mahamala. Mwina mlendo uja anangoonetsa filimu kwa munthu mmodzi wa mumsika n'kufunsa kuti mwa awa amene amati asungu ndi uti. Zimenezo sizinkafuna chala changa.

Ndinapitako kawiri kena. Ulendo womaliza anandiona ndisanaoloke msewu. Nditafika pa chisakasa, onse asanu anayamba kukhoma nthawi imodzi, mwamphamvu, ena akumenya njanji yopanda lata pamwamba pake. Ndinafunsa funso langa, ndinalifunsanso mokweza, ine mwini osalimva. Palibe anadzutsa mutu. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinatembenuka kukafuna basi ya kwathu.