Tsamba Limene Mkonzi Anachotsa

Ndinadandaula koyamba polembera kalata ofesi ya mkonzi wa mabuku Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, chaka chimene ndinapuma pa ntchito yauphunzitsi. Kope la kalatayo ndili nalo, pamodzi ndi risiti ya ku positi. Ndinalembanso mu Ogasiti, kenako mu Januwale. Yankho silinabwere.

Ndinali nditalemba buku la ulimi wa khofi ku mapiri a Misuku, n'kulitumiza kwa mkonzi wa mabuku ku Blantyre. Bambo amenewo sindinawaonepo, koma tonse olemba tinkadziwa kuti buku limene cholembera chawo chofiira chavomereza linkalowa m'sukulu, limene chakana linkafera m'kabati. Analera alembi ambiri, zimenezo sindikana.

Zolemba zanga zinabwerera patapita miyezi isanu, zitakonzedwa bwino. Koma tsamba 41 munalibe. Analichotsa, n'kusintha manambala a masamba otsatira ndi pensulo, osatchulapo kanthu m'kalata yawo. Patsambalo ndinalemba kuti khofi wa alimi a kufupi ndi Mughese ankachita nkhungu podikira lole, chifukwa akuluakulu anauiwala msewu wathu. Masiku a chipani chimodzi, chiganizo chotere chinkatha kumutsekeretsa munthu popanda kuzengedwa mlandu.

Mnzanga wina, mphunzitsi wochokera ku Dedza, anati ndiwo machitidwe a mkonziyo: tsamba loopsa ankaling'amba mwakachetechete kuti mwini wake apulumuke. Kalaliki wa pa Boma anandinong'oneza zosiyana, kuti masamba otere ali ndi kumene amapita.

"Adada, ingothokozani n'kukhala chete," anatero mnzangayo.

Sindinathe. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba yathu ku Lufita, ndinkavala jekete n'kukhala pampando, kudikira kuti apolisi agogode. Mayi a kunyumba anandichonderera kuti nditenthe kope la kaboni la tsambalo limene ndinatsala nalo. Ndinakana, chifukwa chibadwire sindinatenthepo pepala. Ndinalisokera m'kati mwa pilo. Bukulo sindinalitumizenso, poopa kuwakumbutsa za ine, moti silinasindikizidwe.

Ndamva kuti mkonziyo akali moyo ndipo anthu amawalemekeza. Ngati anandipulumutsa, ndiyenera kuwathokoza ndisanafe. Ngati tsambalo analipereka kwina, ndiyenera kudziwa kuti ndakhala ndikuopa ndani. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti bambowo eni ake, kapena amene anatsala ndi mafayilo a ofesi yawo, andiyankhe molemba kuti tsamba 41 linapita kuti, ndipo analiwerenga ndani.